Thiranimo Madzi

Uthengawo unafika pa WhatsApp Lachitatu madzulo, pa 20 September 2023, ndili kalikiliki kumasulira mafunso a kafukufuku wina wa zaumoyo amene eni ake ankawafuna m'mawa mwake. Chinali chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja m'Chingerezi, lomatidwa pa chitseko cha firiji. Pansi pake panali mawu ochepa: "Asuweni, inu a sukulu, tandiikirani izi m'chinenero chathu. Abwana akunyamuka mawa."

Asuweni angawa ndi mwana wa amalume, aakulu kwa ine ndi zaka 11. Kwawo ndi ku Kasungu, ndipo asanatsike kuno ku Joni analima fodya wa burley kwa zaka zoposa khumi. Panopa amagwira ntchito pa puloti ina ku Kameeldrift, kumpoto chakum'mawa kwa Pretoria mukalondola msewu wa Moloto. Kumudzi amadziwa kuti amasamala maluwa ndi kapinga, ndipo si bodza. Chimene sanauze ngakhale akazi awo n'chakuti kuseri kwa galaja kuli chipinda cha njoka, ndipo amene amasesamo, kusintha madzi ndi kudyetsa njokazo makoswe ndi iwowo. Chifukwa chobisira simungachisowe. Munthu amene wamanga nyumba yamalata ndi ndalama za ku Joni, ikangomveka mbiri yoti amadyetsa njoka, palibe angataye nthawi kufunsa mtundu wa njokayo. Adzati n'njokhwimira. N'chifukwa chake nanenso dzina lawo sindilitchula, ngakhale anandilola kulemba nkhaniyi.

Njokazo ndi za mtundu wa ball python, imene asayansi amaitchula kuti Python regius. Ndi kansato kakang'ono kopanda poizoni, kamene kawirikawiri sikapitirira mita imodzi ndi theka, ndipo kakachita mantha kamadzipiringiza ngati mpira, mutu n'kuubisa pakati. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa. Ghana, Togo ndi Benin ndiwo mayiko amene akhala akutumiza zambiri kunja kwa anthu oziweta m'nyumba. Owetawo amakweretsa njoka zamaonekedwe osiyanasiyana pofuna ana amawangamawanga achilendo, ndipo mtengo wa mwana umatengera mawangawo. Abwana a asuweni ndi mmodzi wa anthu amenewa. Pa 12 September njoka yawo ina inaikira mazira 7, iwo n'kuwachotsa kwa mayi wake, kuwaika m'bokosi la pulasitiki, bokosilo n'kulilowetsa m'firiji yakale imene anaisandutsa chofungatirira mazira. Tsopano ankapita kunja kwa milungu itatu.

Pepalalo linali ndi mizere isanu ndi umodzi. Kutentha kukhale pa madigiri 31.5. Mazira asatembenuzidwe. Chivundikiro chizitsegulidwa kamodzi pa mlungu kuti mulowe mpweya. Nambala ya pa kachipangizo koyezera chinyezi isatsike pa 90. Ikatsika... Apa ndi pamene panali mawu akuti vermiculite, amene ndinali ndisanawaonepo. Mzerewo unkanena kuti madzi pang'ono athiridwe mu vermiculite, cha m'mbali mwa bokosi.

Ndili ndi digiri yachiwiri ya zinenero. Mabungwe amandilipira powerenga liwu ndi liwu, ndipo ndikakumana ndi liwu lachilendo m'ntchito yawo, ndimatha kulisakasaka ola lathunthu. Koma ntchito yaulere ya m'bale timaigwira diso lina lili kwina. Liwulo ndinangolimeza, pamodzi ndi za m'mbali mwa bokosizo. Ndinalemba kuti: "Nambala ikatsika, thiranimo madzi. Mazira asaume, azikhala ndi chinyezi chambiri." Ntchito yonse inanditengera mphindi zosakwana khumi. Asuweni anayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera, ine n'kubwerera ku mafunso anga.

Kachilembo kakuti -mo ndi kaulesi kwambiri. Kamaloza m'kati, koma sikanena kuti m'kati mwa chiyani kapena pati. Ukauza munthu kuti thiramo mchere, amadziwa kuti ukunena mumphika chifukwa nonse mwaima pa moto umodzi. Asuweni ndi ine sitinaime pa moto umodzi. Iwo anali ndi bokosi lokhala ndi mazira, ine ndinali ndi pepala lokha. Atawerenga kuti mazira asaume, anatenga kabotolo kopopera maluwa n'kuchita zimene mlimi aliyense angachite pa nazale.

Aliyense amene anakhalapo ku Pretoria m'mwezi wa September akudziwa mpweya wake. Mvula imakhala itasiya kalekale, yatsopano isanayambe. Milomo imang'ambika, zovala zimauma usanamalize kuyanika zinzake, ndipo ukagwira chitseko cha galimoto chimakulasa ngati singano. Asuweni akatsegula bokosi kuti aone mazira, mpweya wouma uja unkalowa, nambala n'kutsika. Akaona yatsika, ankapopera. Akapopera, mtima sunkakhala m'malo, ankabweranso masana kudzatsegula kuti aone ngati zathandiza. Nambala inkatsikanso. Pofika kumapeto kwa mlungu ankapopera katatu pa tsiku. Lamulo lotsegula kamodzi pa mlungu analiphwanya pofuna kumvera lamulo linalo, limene ine ndinalikometsera ndi mawu anga oti asaume.

Patapita masiku 9 anatumiza chithunzi china, chopanda mawu alionse. Mazira awiri anali atasanduka achikasu, ndi chuku chobiriwira chitayanga m'mbali ngati pa nsima yogona masiku atatu.

Usiku umenewo ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba. Ndinawerenga mpaka tambala woyamba, kapena ndinene kuti mpaka minibasi zoyamba, poti ku Sunnyside kumene ndimakhala tambala kulibe. Dzira la nsato si lofanana ndi la nkhuku. Chigoba chake n'chofewa ngati chikopa, ndipo madzi amatha kulowa ndi kutuluka. Mpweya ukauma, dziralo limataya madzi, limakwinyika, mwana n'kufera m'kati kapena kubadwa wonyentchera. Koma kudzera m'chigoba chomwecho ndi mmene mwana amapumira. Chikamakhala chonyowa nthawi zonse, timabowo take timatsekeka, chuku ndi tizilombo n'kupeza pomera. Ndiye chimene chimafunika n'chooneka ngati chotsutsana: mpweya wozungulira dzira ukhale wokhuta madzi, koma dzira lenilenilo likhale louma ukaligwira.

Vermiculite uja ndi mwala wokumba pansi umene amauwotcha mpaka utafufuma, n'kukhala timibulu topepuka tonyezimira timene timasunga madzi ngati thonje. Anthu a nazale amausakaniza ndi dothi. Chondichititsa manyazi kwambiri chinali kuzindikira kuti umodzi wa migodi yaikulu ya vermiculite padziko lonse uli konkuno, ku Phalaborwa m'chigawo cha Limpopo. Oweta njoka amauyeza pa sikelo, n'kuusakaniza ndi madzi olemera chimodzimodzi. Ukaufinya m'manja uyenera kugwirana, koma osatulutsa dontho. Madziwo amakwera okha pang'onopang'ono ngati nthunzi yosaoneka, ndipo bokosi likakhala lotseka amakhala momwemo kwa milungu yambiri.

Ndinapezanso kafukufuku amene Fabien Aubret, Xavier Bonnet, Richard Shine ndi Stéphanie Maumelat anachita ku Togo, n'kumusindikiza mu 2005. Iwo ankafuna kudziwa chifukwa chake ball python yaikazi imakulunga mazira ake mothinitsa chonchija, ngati nkhata. Ambiri tingaganize kuti ikuwafunditsa monga nkhuku. Anapeza kuti phindu lalikulu n'lakuti thupi la mayiyo limatchinga mazira kuti asataye madzi. Mazira amene anasiyidwa opanda mayi anauma kwambiri, mbali yachikasu ija inalimba moti ana analephera kuiyamwa yonse, ndipo anabadwa ochepa thupi. Apa ndinazindikira kuti bokosi lonse lija, pamodzi ndi chivundikiro ndi vermiculite, likungoyesera kugwira ntchito ya mimba ya njoka. Ndipo njoka sipopera madzi.

Loweruka m'mawa ndinapita ku Kameeldrift. Asuweni anandichingamira pa geti atavala ovolosi yawo yobiriwira. Mwa masiku onse akandiona amayamba ndi nthabwala zachisuweni, zoti malowolo anga awalandira liti poti ndine mkazi wawo. Tsikulo anangoti, "Mwafika, tiyeni."

Firijiyo inali yochotsedwa injini. Kumbuyo kwake m'kati anayalamo waya wotenthetsa wolumikizidwa ku kachipangizo kozimitsa ndi kuyatsa kokha malinga ndi kutentha. Pansi anandandalikamo mabotolo odzaza madzi kuti azisunga kutentha magetsi akazima, poti chaka chimenecho ankazima pafupifupi tsiku lililonse. Titatsegula bokosi, fungo linatiuza zonse tisanayang'ane. Mazira 7 aja anali omatirirana pamodzi monga amachitira akangoikiridwa, lililonse lalikulu kuposa la bakha, ndi kachizindikiro ka pensulo pamwamba. Vermiculite anali tepetepe ngati dambo. Pa chivundikiro panali madontho akuluakulu oyembekezera kugwa.

Tinazimitsa nyale, ine n'kugunditsa tochi ya foni pa dzira lililonse monga ndinawerengera. Asanu anawala mofiirira, mitsempha ya magazi itayanga m'kati ngati mizu ya khobwe. Awiri aja anali mbuu, opanda mtsempha ndi umodzi womwe.

Pamenepo ndinayamba kufotokoza, ndipo ndinafotokoza ngati munthu wa sukulu. Ndinati Chingerezi chili ndi liwu lakuti humidity lonena za madzi amene ali mumpweya, pamene ife chinyezi timachinena pa dothi, pa khoma, pa bulangete, pa chinthu choti ungachigwire. Ndinati chinyontho n'chimodzimodzi, mame ndi madontho, nkhungu ndi nthunzi zimaoneka ndi maso, ndiye chinenero chathu chilibe liwu lenileni la chinthuchi. Ndikaganiza lero ndimaona kuti ndinkafuna kuti mlandu wanga ugwere Chichewa.

Asuweni anandimvera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndiye mukunena za fodya?"

Sindinamve. Iwo anakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kundiphunzitsa. Fodya akauma m'chigafa, masana sungamugwire, amangophwanyika ngati chipapati cha chaka chatha. Umadikira mbandakucha, kapena tsiku la mitambo, pamene mpweya wazizira ndipo walemera. Ukalowa m'chigafa nthawi imeneyo tsamba limakhala litafewa lokha, ukalikulunga pa chala silithyoka, koma dzanja lako silinyowa. Ndi pamene umasankha ndi kumanga. Kukauma kwambiri, ena amathira madzi pansi, pa dothi, n'kutchinga m'mbali kuti mphepo isalowe, masamba n'kumwa okha kuchokera mumpweya. Koma wopusa amene amawaza madzi pa tsamba lenilenilo, pofuna kufulumira kapena kuti belo ilemere, fodya wake amatentha m'kati mwa belo, amachita chuku, ndipo akafika naye ku Chinkhoma amamubweza.

"Mukanangonena kuti muwasamale ngati fodya wa m'chigafa," anatero, "botolo lija sindikanaligwira n'komwe."

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewa kuposa ndemanga iliyonse imene aphunzitsi anga analembapo pa ntchito yanga. Ndinkasaka dzina limodzi loti ligwirizane ndi dzina limodzi la Chingerezi, ndipo nditalisowa ndinagamula kuti kwathu kulibe. Chonsecho alimi a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji amayeza chinthu chomwechi ndi zala chaka ndi chaka, ndipo sukulu fizi ya ana awo imadalira kuti asalakwitse. Iwo sachipatsa dzina, amachinena ndi mneni: fodya wafewa, kunja kwafewa, lero sikunafewe. Amalume anga omwe anandilipirira Fomu 1 ndi ndalama za fodya. Ndinadya nawo, koma m'chigafa mbandakucha sindinalowemo.

Zotsalazo anatsogolera ndi iwo. M'galaja munali thumba la vermiculite la mbande za maluwa. Tinayeza magalamu 300 pa sikelo ya kukhitchini, madzi magalamu 300, iwo n'kusakaniza ndi manja, kufinya, kuyang'ana pakati pa zala, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Pamwamba pake tinaikapo kasefa kolimba ka pulasitiki kuti mazira asakhudze chonyowa. Ponyamula mazira anagwira mulu wonse ndi manja awiri, zizindikiro za pensulo zili m'mwamba, mpweya atauletsa. Nkhuku imatembenuza mazira ake kangapo pa tsiku, koma mwana wa njoka amakhazikika mbali yakumwamba dzira likangoikiridwa, ndipo oweta amaopa kuti ukalitembenuza ungamuphe. Dzira limodzi lowola linali kumphepete, ndipo linamatuka mosavuta atalinyengerera ndi chala. Linalo linali lomatirira pakati pa amoyo awiri. Tinakambirana, n'kugwirizana zolisiya, chifukwa kulikakamiza kukanang'amba anzakewo. Anangolipukuta chuku ndi thonje louma. Pomaliza tinakuta bokosi ndi pulasitiki yopyapyala yokulungira zakudya, chivundikiro pamwamba.

"Tsopano chovuta ndi chimodzi," anatero akutseka firiji. "Kusatsegula."

Tili pa khonde tikumwa tiyi, ndinawauza kuti abwana akabwera ndidzawaimbire ndekha, ndiwauze kuti wolakwa ndine. Ndinkaona ngati ndikuchita chinthu chaulemu. Asuweni anaika kapu pansi.

"Asuweni, mukufuna mundichotsetse ntchito?"

Anati abwana amadziwa kuti iwo amawerenga Chingerezi, ndipo n'zoona, amawerenga, koma zolemba pamanja zopendekera ndi mawu a sayansi zimawavuta. Atamva kuti pepala lija linajambulidwa n'kutumizidwa kwa munthu wina wa m'tauni, nkhani sidzakhalanso ya mazira awiri. Idzakhala yoti wantchito amatumiza zithunzi za m'nyumba kwa anthu osadziwika, m'dera limene aliyense amagona ndi mantha a akuba. Ndipo pa geti pamafika anyamata tsiku ndi tsiku, Amalawi anzathu, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, ofuna ntchito yomweyo pa malipiro ochepera. Kupepesa kwanga kukanapepuza mtima wanga, katundu n'kugwera iwo. Ndinakhala chete. Mpaka lero sindinapeze njira yobwezera ngongoleyi imene singawawonjezere vuto.

Pobwerera anandiperekeza mpaka pa msewu, n'kuloza chakumpoto. Anati kumeneko, ku Dinokeng, kuli nsato zenizeni, osati tizidole ta abwanati. Ankanena zoona. M'nkhalango ya Dinokeng ndi mmene Graham Alexander wa ku yunivesite ya Witwatersrand anatsatira nsato zakuno, Python natalensis, zomwe ndi mtundu womwewo wa nsato za kwathu, kwa zaka 7, n'kusindikiza zimene anapeza mu 2018. Nsato yaikazi imaikira mazira m'mauna okumbidwa ndi nyama yodya chiswe imene kuno amati aardvark. M'nyengo yofungatira khungu lake limada bii, imatuluka kukawothera dzuwa mpaka thupi litatentha pafupifupi madigiri 40, n'kubwerera kukakulunga mazira. Miyezi yoposa isanu ndi umodzi imatha isanadye, imataya gawo lalikulu la thupi lake, ndipo ana akaswa imakhala nawobe pafupifupi milungu iwiri. Ndinakumbukira kuti makolo athu ankaika njoka pafupi ndi nkhani za mvula: Thunga ku kachisi wa Makewana ku Msinja, ndi Mbona ku Khulubvi ku Nsanje, amene amati amabwera ngati nsato. Nditawauza asuweni zimenezi anaseka koyamba tsikulo. Anati zimenezo ndikawauze akulu ampingo a kwawo, ndione ngati angandipatse mpando.

Abwana anabwera pakati pa October, mitengo ya jakaranda itachita kale maluwa m'misewu ya mu Pretoria. Anaona mazira 6 m'malo mwa 7, limodzi lili louma lakuda pakati pa anzake. Anafunsa amene anaika kasefa ndi pulasitiki. Asuweni anati, "Ine." Anafunsa za awiri aja. Asuweni anati anachita chuku. Abwanawo anayang'anitsitsa vermiculite watsopanoyo kwa kanthawi, kenako anati mazira ena amafa okha, n'kutuluka. Pa malipiro a mwezi umenewo sanadulepo kanthu. Ngati anazindikira, sananene.

Chakumapeto kwa October foni inalira usiku. Asuweni anati mazira ayamba kuphwa, akulowa m'kati ngati mpira wobooka, ndipo pa chivundikiro pabwereranso madontho. Mawu awo anali a munthu amene dzanja layamba kale kufunafuna botolo. Ulendo uno ndinali nditawerenga pasadakhale. Masiku oswa akamayandikira mazira amakwinyika mwachibadwa, ndipo ana akamakula amatulutsa kutentha kwawo, n'chifukwa chake nthunzi imasanduka madontho pa chivundikiro. Ndinawauza kuti angopukuta chivundikirocho kuti dontho lisagwere pa dzira.

"Ndapukuta kale," anatero. "Ndimangofuna kumva ngati nanunso mukudziwa."

Pa 8 November, tsiku la 57, ananditumizira kavidiyo ka masekondi 20. Dzira limodzi linali litang'ambika mizere itatu pamwamba, ngati lachekedwa ndi lezala. Mwana wa njoka amabadwa ndi kadzino kakang'ono pa mlomo kochekera chigoba, kamene kamagwa pasanapite nthawi. Pa mng'aluwo panatulukira kamutu kosaposa chala chachikulu, kali ndi thovu pamphuno, kakutulutsa lilime. Kanayang'ana nyale ya foni, n'kubwerera m'kati. Sikanatuluke mpaka tsiku lotsatira, poti amayamba wamaliza kuyamwa chakudya chotsala m'dziramo. Pofika Loweruka onse asanu anali atatuluka.

Ndinapita kukawaona Lamlungu, abwana atapita kutchalitchi. Mvula inali itagwa usiku, ndipo msewu wolowera ku puloti unali matope okhaokha. Asuweni anatenga kamodzi n'kukaika m'dzanja langa ndisanakonzeke. Kanali kozizirira, kopepuka ngati dzira la nkhuku, ndipo kanadzipiringiza pomwepo, mutu n'kuubisa. Ndinaima osagwedezeka, mkono uli gwa, ndikuwapempha kuti akachotse.

Pa chitseko cha firiji, pansi pa pepala la abwana, panali pepala lina lolembedwa ndi bolopeni yofiira, m'zilembo zazikulu. Njoka ina inali itaikira mazira 6 mlungu womwewo. Mzere wachinayi unali wakuti: "Madzi pansi, cha m'mbali. Pa dzira ayi." Ndinawauza kuti pa liwu lakuti m'mbali aiwala kachizindikiro kapamwamba kaja.

"Ikanipo," anatero akundipatsa bolopeni. "Imeneyo ndiye ntchito yanu."